Gitala ya Weston ndi Mbuzi ya Ukwati

Ku Chinsapo, kuseri kwa chigayo cha a Stephano, kunkakhala munthu wina dzina lake Weston, amene mkati mwa sabata ankakhoma ndowa ndi mbaula pamsika, Lamulungu n'kumayimba gitala mu kwaya ya kutchalitchi kwawo. Ena amati ntchito ziwirizi siziyenderana, poti khutu lomwe lamva hamala kuyambira Lolemba mpaka Loweruka silingadzuke Lamulungu lili lanthete. Mwina akunena zoona. Koma zala za Weston zinalibe mlandu. Vuto lake linali pa kutchuna. Kuti munthu atchune gitala pamafunika liwu limodzi lokhazikika loyambira. Nsambo imodzi ikakhala m'malo mwake, zinazo umangozifananiza ndi inzake, ndipo zimenezo Weston ankazitha bwino. Koma liwu loyambiralo m'mutu mwake munalibe. Munali hamala basi.

Choncho kwa zaka zambiri ankatchunira chigayo. Loweruka dzuwa likapendeka ankakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, n'kumapotokola kachitsulo ka nsambo mpaka kulira kwake kufanane ndi kwa chigayocho. Njirayi inali ndi kachilema kamodzi: chigayo sichilira mofanana masiku onse. Chikamagaya mphale chimalira mopepuka, koma chikalandira mgaiwa chimabuula ngati munthu wosenza thumba pamtunda. Ndiye mwezi ukafika pakati, anthu ambiri ali pa mgaiwa, kwaya inkayimbira pansi mpaka amayi kumamveka ngati amalume awo. Nyengo yokolola, aliyense akukonola, nyimbo zinkakwera mpaka azibambo a besi mitsempha ya m'khosi kuonekera. Palibe ankadandaula kwenikweni. Kwaya inkatsata gitala kulikonse komwe yapita, ndipo Mulungu, monga ankanenera mkazi wake Lois, mayi a mwana wawo Miracle, amamva mtima.

Zinthu zinasokonekera m'chaka cha 2006, pamene mumpingomo munalowa Shepherd ndi kiyibodi yake. Shepherd ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu mtauni, ndipo kiyibodiyo ankabwera nayo ataikulunga m'bulangete ngati khanda lopita kusikelo. Tsono kiyibodi sidziwa mgaiwa, sidziwa mphale. Liwu lomwe inachoka nalo kufakitale ndi lomwelo mpaka kalekale. Lamulungu loyamba limene zida ziwirizi zinayimbira limodzi, zinamveka ngati minibasi ziwiri zikulimbirana munthu mmodzi pa depoti. Theka la kwaya linatsata gitala chifukwa cha chizolowezi, theka lina linatsata kiyibodi chifukwa cholemekeza chinthu chatsopano, ndipo gogo wina wa pa benchi yakutsogolo anangotseka maso n'kuyamba kupemphera payekha.

Weston anayesa kukamba naye mwamtendere.

"Achimwene, bwanji Lamulungu muzifikako msanga pang'ono, mundidinire kabatani kamodzi kokha, ine ndifananize nsambo yanga?"

"Aaa, madala, makinawa safuna kuyatsayatsa," anatero Shepherd akupinda bulangete. "Ndikayatsa ndiye kuti nyimbo yayamba. Komanso musavutike, gitala ilimo kale muno."

Anadina penapake, ndipo m'kiyibodimo munatulukadi kulira kwa gitala, kotsatana ndi ng'oma ndi lipenga.

Tisafulumire kunena kuti Shepherd anali ndi kaduka. Mwina makinawo sankafunadi kuyatsayatsa. Chodziwika n'chakuti Lamulungu lililonse ankalowa m'tchalitchi kwaya itaimirira kale.

Nkhaniyi inafika kwa a Herbert, mkulu wa mpingo woyang'anira kwaya, munthu wosakonda kukweza mawu. Anamuitanira Weston pamthunzi panja pa tchalitchi.

"A Weston, mwatumikira nthawi yaitali, tikuthokoza. Koma Loweruka likubwerali mwana wanga Irene akukwatiwa. Kuchimuna ndi anthu a ku Area 47, kwawo kuli piyano pabalaza. Tsiku limenelo zikadzamvekanso ngati pa depoti, gitala ipume. Inuyo tidzakupatsani udindo wina. Pakhomo paja pakusowa munthu wolozera alendo pokhala."

Weston anaona mdima masanasana. Iyeyo kuima pakhomo, kansalu kali paphewa, kumauza anthu kuti sunthani pang'ono amayi, uku Shepherd akuyimba gitala ndi chala chimodzi!

"Ndamva, abambo."

"Chabwino. China n'chakuti mbuzi ya ukwati ndagula kale ku Mitundu. Ikakhala kwanu mpaka tsikulo, poti inu muli ndi mpanda."

Anabwerera kunyumba gitala ili kumsana, chingwe cha mbuzi chili kumanja, ndipo panjira sankadziwa kuti cholemera kwambiri n'chiti.

Mwayi wake, sabata imeneyo mlamu wake Gilford, mchimwene wa Lois, anali atangofika kuchokera ku Joni. Anali pakhonde atavala jekete lachikopa ngakhale kunali kotentha kwa mu Okutobala. Atamva nkhaniyi anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anapisa dzanja m'chikwama.

"Alamu, inu mukutchunirabe chigayo? Dziko linapita kale. Taonani aka. Anandipatsa bwana wanga wina, mzungu woyimba mu bandi."

Kanali kachipangizo kakuda, kukula kwake ngati sopo wosambira amene watsala theka. Kutsogolo kunali kagalasi, m'kagalasimo munali kamuvi, ndipo pamwamba panali timagetsi titatu, tofiira m'mbali, kobiriwira pakati.

"Dzina lake tchuna," anatero Gilford. "Mukaliza nsambo, iko kamamvera. Kakayatsa kofiira ka kumanzere ndiye kuti nsambo yafooka, mangani. Kofiira ka kumanja, mwamangitsa, masulani. Kamuvi kakaima njo pakati, kobiriwira n'kuyaka, basi mwafika. Kiyibodi iliyonse padziko lapansi ili pomwepo. Kamangofuna chinthu chimodzi: pakhale chete."

Lois, amene ankasankha nyemba pamkeka, anadzutsa mutu.

"Chete? Achimwene, mwaiwala kuti kuno n'ku Chinsapo?"

Lois ankanena zoona. Kachipangizoko kanalibe tsankho, kankamvera chilichonse. Weston akati alize nsambo, chigayo chayamba, kamuvi n'kuthamangira kumanzere. Chigayo chikapuma, wogulitsa makala wadutsa akukuwa, kamuvi n'kuthamangira kumanja. Kenako wailesi ya aneba, tambala, kanema wa nkhondo wa pa vidiyo sho, mayi wina akuitana mwana amene anamutuma mchere m'mawa. Anayesa m'chipinda, anayesa m'bafa, anayesa atadzifunditsa bulangete pamodzi ndi gitala mpaka thukuta kamukamu. Kamuvi kankangoyendayenda ngati munthu wosaka lendi.

Lachiwiri masana magetsi anazima. Chinsapo yense anang'ung'udza, koma Weston anasiya hamala pa ndowa yosatha n'kuthamangira kunyumba akuthokoza Mulungu. Chigayo chinali zii. Vidiyo sho inali zii. Anakhala pa njerwa yake pafupi ndi mtengo wa mango pomwe anamangirira mbuzi, anaika tchuna pabondo, n'kukayatsa. Asanakhudze n'komwe nsambo, mbuzi inamuyang'ana n'kunena modekha:

"Meee."

Kamuvi kanaima njo. Kobiriwira kanayaka. M'kagalasi munaoneka chilembo E.

"Alamu!" anaitana Weston. "Tabwerani mudzaone."

Gilford anabwera akutafuna nzimbe. Anadikira onse awiri. Lois anadutsa ndi masamba a kabichi, ndipo mbuzi inaliranso. Kamuvi njo, kobiriwira ngwee.

"E ndi nsambo yaing'ono ija, yapansi," anatero Gilford, nzimbe itaima m'malere. "Alamu, ine ndayenda. Ku Joni ndaona zinthu. Koma mbuzi iyi inaphunzira."

Weston anamanga nsambo yaing'onoyo pang'onopang'ono mpaka kobiriwira kanayaka, kenako anailiza nthawi imodzi ndi mbuzi. Zinali ngati mapasa. Anafananiza nsambo zinazo, ndipo Lachitatu ku pulakatisi, kwa nthawi yoyamba, gitala ndi kiyibodi zinayenda msewu umodzi. Shepherd anasuzumira kuseri kwa kiyibodi yake ngati wina waigwira. A Herbert kunalibe, anali kalikiliki ndi za ukwati, koma atauzidwa anangoti, "Tidzamva Loweruka."

Kuyambira tsiku limenelo Weston anayamba kuilemekeza mbuziyo. Akaweruka ankaibweretsera makoko a nthochi a kumsika n'kukhala nayo pansi pa mango, gitala ili pamiyendo. Ikakhala chete nthawi yaitali ankaiputa, kulira ngati iyo kuti imuyankhe, ndipo inkamuyankhadi. Lois ankangopukusa mutu ali kukhitchini.

Koma walira mvula walira matope. Gilford asananyamuke kupita ku Ntcheu kukaona mayi ake, anakadzitama pabwalo la bawo kuti kwa alamu ake wasiyako makina odziwa liwu lolondola ndi lolakwika. Nkhaniyi pofika pa kiyosiki ya madzi inali itanenepa: kwa a Weston kuli makina a ku Joni odziwa munthu wabodza.

Woyamba kufika Lachinayi m'mawa, Weston atapita kale kumsika, anali Fatu wa nyumba yoyandikana ndi yawo, akukoka mwamuna wake Leston pamkono.

"Mayi a Miracle, tatibwerekeni makina aja pang'ono. Sitichedwa."

"Anzanga, amene aja ndi a gitala," anatero Lois.

"Eee, tikudziwa. Ifenso tingoyesako."

Tsono munthu amene amakupalitsa moto, amene sefa yake ili m'nyumba mwako chiyambire Isitala, sungamukanize chinthu choti wachiona ndi maso. Lois anatulutsa tchuna n'kukayatsa.

"Nenani apa," anatero Fatu. "Lamulungu munali kuti?"

"Ndinali ku mpira," anayankha Leston motsitsa mawu.

Kofiira ka kumanzere kanayaka.

"Mwaona!"

"Ndinali ku mpira, mkazi iwe!" anakuwa Leston.

Kofiira ka kumanja kanayaka.

"Ehe! Bodza lasamukira mbali inayi!"

Pofika masana pakhomopo panali mzere. Panabwera eni nyumba ndi alendi awo, apongozi ndi akamwini, amayi awiri olimbirana nkhuku imodzi. Aliyense amene analankhula anatuluka wofiira, wonenezedwa ndi woneneza yemwe. Mkangano uli pakati mbuzi inalira pansi pa mango, kobiriwira n'kuyaka, ndipo anthu anabalalika ali khuma, atagwirizana kuti pa Chinsapo ponse wonena zoona ndi mbuzi ya a Herbert yokha. Lachisanu anabweranso ena ochokera ku Chinsapo 2. Lois kuyatsa ankadziwa, koma kuzimitsa palibe anamuphunzitsa, choncho alendo akapita ankangokaika m'kabati kakuyakabe, kakumvera mbale.

Zonsezi Weston anazimva mochedwa ndipo anangoseka. Maganizo ake anali pa Loweruka. Lachisanu lomwelo anapita mtauni kukagula nsambo zatsopano, poti zakalezo zinali ndi dzimbiri ndipo imodzi inali ya buleki ya njinga. Anazimanga madzulo, n'kuona kuti kagetsi kobiriwira kakuyaka mofooka, koma sanaganize kanthu. Chimene anaiwala n'chakuti nsambo zatsopano zimatamuka. Loweruka kutacha, atavala kale suti, anagwira gitala ndipo inalira ngati mphaka wogwera m'chitsime.

Anatenga tchuna. Anadina. Zii.

Anatsegula kuseri n'kupeza batire lomwe sanalionepo chibadwire: lamakona, lokhala ndi timitu tiwiri pamwamba. Anathamanga nalo m'maokala onse a mumsewu mwawo. Aliyense ankalitembenuza, kulinunkhiza, n'kumubwezera.

"Ife tili ndi a wailesi ndi a tochi, madala. Ili ndi la ndege kapena?"

Anthu a ku Chinsapo amadziwa kudzutsa batire lakufa. Analiyanika padenga la malata kuti limwe dzuwa. Lois analiika pa chivundikiro cha poto wa tiyi. Leston, amene anali ndi chifukwa chake chofunira kuti makinawo asadzukenso koma anabwerabe monga mnansi, anati liyenera kulumidwa. Analiluma, lilime linakhudza timitu tija, ndipo analavula akudumpha.

"Lili moyo! Landiluma!"

Analibwezera msanga. Kofiira ka kumanzere kanaphethira kamodzi, ngati munthu wotsanzika, basi.

"Chigayo," anatero Weston. Anasuzumira pampanda. Chigayo chinali chokhoma ndi loko, ndipo a Stephano anali panja atavala suti akupukuta nsapato, nawonso oitanidwa ku ukwati.

Weston anakhala pa njerwa. Anadziona ali pakhomo la tchalitchi, kansalu kali paphewa. Kenako anayang'ana pansi pa mango. Panali chingwe chodula ndi makoko a nthochi.

"Mayi a Miracle, mbuzi ija?"

"A komiti yophika anadzatenga m'mamawa, inu muli m'bafa."

Anthu amene anali mumsewu tsiku limenelo amakumbukirabe munthu wa suti yabulauni, wopanda taye, akuthamanga gitala ili m'mwamba, akudumpha ngalande ngati wakuba. Kuseri kwa nyumba ya a Herbert anapeza utsi, miphika ikuluikulu ya mpunga, ndi amayi ali pikitipikiti. Pambali, pansi pa mtengo, mbuzi inali gone, miyendo yomanga. Pamutu pake panali Che Bwanali, wogulitsa nyama pamsika, amene anaitanidwa monga mwa chizolowezi kuti ozinga mbuziyo akhale iwo, n'cholinga choti alendo onse, Akhristu ndi Asilamu omwe, adye mosakayika. Mpeni unali kale kumanja.

"Che Bwanali! Imani kaye!" anakuwa Weston ali wefuwefu. "Ndikufuna ilire kamodzi kokha!"

Che Bwanali anamuyang'ana, anayang'ana gitala, anayang'ana mbuzi.

"A Weston, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu. Ilire kamodzi kokha, chonde."

Apo panatulukira Mayi Jemima, wapampando wa komiti yophika, chipande chili kumanja, maso ali psuu ndi utsi.

"Kodi kwagwanji? Anyezi takazinga kale, mafuta akupsa, nyama sinasendedwe. Mukufuna alendo a ku Area 47 akadye mpunga ndi nyimbo?"

Weston anafotokoza mwachidule momwe akanathera: za tchuna, za batire, za chilembo E, za udindo wa pakhomo. Mayi Jemima anamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Ndiye mukuti ukwati uime chifukwa gitala yanu imafunsira nzeru kwa ndiwo?"

"Kamodzi kokha, amayi."

"Ndikupita kukavundula mpunga. Ikangolira, Che Bwanali, musadikire wina aliyense."

Anabwerera kumiphika. Mbuzi inali duu, diso lili pa mpeni.

"Ine za nyimbo sindidziwa," anatero Che Bwanali modekha, "koma ndakula ndi mbuzi. Mbuzi ikaona mpeni siyimba."

Anabisa mpeniwo kumbuyo. Anaimasula miyendo, mbuzi inadzuka n'kudzikutumula. Mayi wina anabweretsa masamba a kabichi, poti Weston anati ndi amene amaiyambitsa. Mbuzi inalandira kabichiyo n'kuyamba kudya, ndipo aliyense amadziwa kuti pakamwa podzaza sipatuluka nyimbo. Mayi wina wothandiza anaganiza zofulumizitsa zinthu, anaikoka mchira. Mbuzi inakuwa mokweza, kulira kwa mantha kong'amba khutu.

"Ayi, ayi, ayi!" anatero Weston atagwira dzanja la Che Bwanali. "Limenelo si lake! Imeneyo ndi nkhawa chabe. Muisiye mtima ukhale pansi."

Dzuwa linali likukwera. Kumsewu kunkamveka kale mahutala a magalimoto a akwati. Weston anaona kuti palibenso manyazi oti asunge. Anakweza buluku la suti pang'ono, anagwada pafumbi, anayang'anizana ndi mbuzi maso ndi maso monga ankachitira pansi pa mango, n'kunena mofatsa:

"Meee."

Mbuzi inapitiriza kutafuna.

"Meee," anabwereza Weston.

Mayi Jemima, ali chofulatira kumiphika, anakweza chipande.

"Yaliratu imeneyo! Ndaimva ndi makutu anga! Che Bwanali, gwirani ntchito!"

Amayi onse anagwa nacho chikhakhali. Wina anakhala pansi n'kumamenya nthaka ndi dzanja.

"Si mbuzi, amayi, ndi a Weston!"

"Musandipusitse ine, ndakhala ndikuweta mbuzi kwathu ku Dowa. Imeneyo ndi mbuzi!"

Lois anali atangofika, taye ya mwamuna wake ili kumanja. Anaima pambali pake n'kulankhula motsitsa.

"Bambo a Miracle, dzukani, mukudetsa suti. Sabata yonseyi ine ndili kukhitchini sindinkadziwa kuti walira ndani pakati pa inu awiri. Nanga mukuivutitsiranji mbuziyi pa tsiku lake lomaliza? Lirani nokha."

Weston anadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo. Kenako anakhala pa mtondo wogwadika, anaika gitala pamiyendo, anatseka maso, analira, n'kuyamba kupotokola kachitsulo ka nsambo yaing'ono. Analiranso, n'kupotokolanso. Amayi anasiya kuseka, poti munthu akachita chinthu chopusa ndi mtima wake wonse chimayamba kuoneka ngati ntchito. Nsambo itafika pomwe panali liwu lake, anafananiza zinazo msangamsanga. Anaimirira, anasisita mbuzi pamutu.

"Zikomo, aphunzitsi," anatero, ndipo anachoka osacheuka. Che Bwanali, munthu waulemu, anadikira mpaka atakhota pakona.

Panjira mtima wake sunali m'malo. Kagetsi kobiriwira kunalibe koti kamuchitire umboni. Mayi Jemima anali mboni yabwino pa za mbuzi, koma za kiyibodi sankazidziwa. Pofika kutchalitchi, dzuwa linali litatenthetsa nsambo zatsopanozo ndipo yaing'ono ija inali itatamukanso pang'ono. Anazembera kuseri kwa tchalitchi, anayang'ana uku ndi uku, n'kulira kawiri. Potsegula maso anapeza kuti galimoto yoyera yaima chapomwepo pamthunzi, ndipo mayi wa chipewa chachikulu, mayi ake a mkwati, akutsika mothandizidwa ndi a Herbert. Mayiyo anayang'anayang'ana pansi kufuna mbuzi. A Herbert anayang'ana Weston. Weston anawerama mwaulemu n'kulowa m'tchalitchi.

Kwaya inaimirira. Shepherd analowa monga mwa masiku onse, anavundukula bulangete, analumikiza mawaya. Irene anaonekera pakhomo atavala zoyera, atagwira mkono wa bambo ake. Shepherd anadina. Weston anagwetsa dzanja pansambo.

Minibasi inali imodzi.

Kwaya, imene inali itakonzeka kale kugawikana, inasowa chifukwa, ndipo inangoyimba. Amayi anamveka ngati amayi, azibambo ngati azibambo. Gogo wa pa benchi yakutsogolo, amene anali atatseka kale maso, anatsegula limodzi, kenako linzake, n'kuliza nthungululu. Pakati pa nyimbo Shepherd anadina kabatani kake ka gitala, mwina mwangozi, koma magitala awiriwo anangogwirizana ngati ana a mimba imodzi, ndipo anakazimitsa.

Kumadyerero, m'bwalo la a Herbert, Weston anakhala pa benchi mbale ili pamiyendo: mpunga, kabichi ndi nthuli ziwiri. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Idyani," anatero Lois. "Kukana chakudya cha ukwati ndi mwano."

Anadya, koma anadya mwaulemu, ndipo mafupa sanaponyere agalu.

Ali pakati pa kudya, a Herbert anafika n'kuima patsogolo pake, manja ali kumbuyo. Weston anafuna kuimirira, iwo anamuletsa ndi dzanja.

"A Weston, zamveka bwino. Asewere anga ayamikira kwaya. Gitala ikhale."

"Zikomo kwambiri, abambo."

"Koma andifunsanso ngati tasunga mbuzi ina kuseri kwa tchalitchi. Ndawayankha kuti inde, poti sindikanatha kufotokoza." Anakhosomola pang'ono. "Mayi Jemima andiuza zonse. Ine sindiweruza njira za munthu. Kale munkatsata chigayo, tinapirira. Pempho langa ndi limodzi: muzilirira kunyumba. Zikavuta kwenikweni, kuseri kwa zimbudzi uko, osati pafupi ndi zenera la abusa."

"Ndamva, abambo."

Gilford pobwerera ku Joni analonjeza kuti adzatumiza batire lamakona ndi munthu wodalirika. Munthuyo sanafikebe. Tchuna kali m'kabati pakati pa mbale, ndipo Leston akabwera kudzacheza amakhala moyang'ana kwina. Koma Lamulungu lililonse m'mawa, kuseri kwa chigayo cha a Stephano kumamveka mbuzi ikulira modekha, ndipo alendi atsopano a m'derali amadabwa kuti mbuzi imeneyi ndi ya mtundu wanji, yolira tsiku limodzi pa sabata, nthawi ya Sande sukulu isanakwane.